Magetsi asiya kuthimathima: mabatire a lithium tiwasiye odzaza, tiwazule, kapena tiwatumize kumudzi?

Woyang'anira gulu:
Mwaswera bwanji nonse a kuno ku Joni. Mafunso a mabatire achuluka sabata ino, ndiye ndawaika pamodzi kuti amisiri athu ayankhe poyera, aliyense apindule. Ambiri tinagula mabatire a lithium mu 2022 ndi 2023, nthawi imene Eskom, kampani ya magetsi ya ku South Africa, inkathimitsa magetsi maola ambiri patsiku mpaka kufika pa mlingo wotchedwa stage 6. Kuyambira kumapeto kwa Malichi 2024 kuthima kuja kunachepa kwambiri, ndipo mabatire angokhala pa khoma kapena pansi pa tebulo, odzaza, miyezi ikungopita. Kodi tiwasiye choncho olumikiza, kapena tiwazule? Ena akufuna kuwatumiza kumudzi kuti akagwire ntchito ndi sola. Amisiri, bwalo ndi lanu.

Wamainveta wa ku Randburg:
Zikomo akulu. Tisanapite patali, aliyense ayambe wawerenga chimene chalembedwa pa batire lake, chifukwa dzina loti lithium likubisa mitundu iwiri yosiyana khalidwe. A m'mafoni, m'malaputopu, m'mapawabanki ndi m'madirilo, selo limodzi ndi 3.6V kapena 3.7V, ndipo likadzaza limafika 4.2V. Mafoni ambiri atsopano amakwera mpaka cha m'ma 4.4V. Akuluakulu aja a mainveta nthawi zambiri ndi LiFePO4, ena amangoti LFP. Selo lake ndi 3.2V, lodzaza kotheratu 3.65V. Mukaona 12.8V, mkatimo muli maselo anayi ondondozana, 25.6V ndi maselo 8, ndipo 51.2V ndi maselo 16. Alipo ena olembedwa 48V amene ali ndi maselo 15 okha. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amatenga manambala a maselo 16, monga 56V, n'kuika pa batire la maselo 15. Gawani 56 ndi 15, mupeza 3.73V pa selo. Mwadutsa kale malire, ndipo BMS, kachipangizo koteteza maselo kamene kali mkati mwa batire, izingodula tsiku ndi tsiku mwini wake n'kumati batire ndi loonongeka.

Tsono funso lanu. LFP imapirira kukhala yodzaza kuposa ya foni, koma siikondwera nazo. Chimene chimakalambitsa batire ndi zinthu ziwiri zikakumana: kudzaza ndi kutentha. Ngati m'dera lanu magetsi amazimabe, kaya ndi load reduction (kuzimitsa dala m'madera omwe magetsi akukokedwa mopitirira muyezo) kaya mawaya abedwa, lisiyeni lolumikiza, koma tsitsani float, voltage imene inveta imasungira batire likadzaza. Pa batire la 12.8V, kutchaja kukhale pakati pa 14.2V ndi 14.4V, float 13.5V kapena 13.6V. Equalize, kutchaja kwa voltage yokwera kolinganiza maselo, muzimitse kotheratu, imeneyo ndi ya mabatire a asidi.

Mayi wasola wa ku Midrand:
Achimwene a ku Randburg anena zoona, koma ndionjezere chimodzi chifukwa ena apita kukasintha manambala pomwe sipafunika. Ngati batire lanu lili ndi nthambo yolankhulirana ndi inveta, ija yooneka ngati ya intaneti yolowa pa CAN kapena RS485, musasinthe chilichonse pamanja. BMS ndiyo imauza inveta voltage ndi ma amp oyenera mphindi iliyonse. Chofunika kuona n'choti inveta yasankhidwa pa lithium ndipo ikuonetsa peresenti yochokera ku batire. Nthambo imeneyo ikakhala yolakwika, poti si zonse zimene mawaya ake amkati amafanana, inveta imayamba kuyerekeza ndi voltage, ndipo LFP siyerekezeka choncho.

Wamagetsi wamkulu wa ku Rosettenville:
Mfundo yomalizayo amayi ifotokozeni bwino, ndi imene imasokoneza anthu ogwira mita koyamba.

Mayi wasola wa ku Midrand:
Chabwino bambo. Batire la asidi voltage yake imatsika pang'onopang'ono ngati madzi mu ndowa yobooka, ndiye mita imakuuzani zoona. La LFP limakhala pafupifupi malo amodzi nthawi yaitali kenako n'kugwa mwadzidzidzi. La 12.8V litapuma, popanda chilichonse cholumikiza, 13.3V lili pafupi kudzaza, 13.2V lili cha pakati kukwera, 13.0V latsika kale kwambiri, 12.8V latsala pang'ono, ndipo 12.0V ndi lakutha. Taonani kuti theka lonse la batire labisala pakati pa 13.3V ndi 13.0V. Mita yotchipa imaphonya ndi 0.1V mosavuta. Amene akufuna kudziwa zenizeni aike shunt pa waya wa negative, imene imawerenga ma amp olowa ndi otuluka, kapena agule batire lokhala ndi Bluetooth.

N'chifukwa chakenso sindigwirizana ndi amene amati LFP isamafike 100 peresenti ngakhale tsiku limodzi. Lamulo la 80 peresenti ndi la mafoni. BMS zambiri zimalinganiza maselo pokhapokha afika pamwamba, cha m'ma 3.4V kupita m'tsogolo. Batire limene silidzaza kwa miyezi, maselo ake amasiyana: limodzi limathamanga, lina limatsalira. Mapeto ake BMS imadula kutchaja msanga chifukwa cha lothamangalo, n'kudulanso msanga potulutsa chifukwa cha lotsaliralo, ndipo batire la 100Ah limagwira ngati la 70Ah. Kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri lifike pamwamba, likhale pamenepo ola limodzi kapena awiri, kenako litsike.

Wamainveta wa ku Randburg:
Pamenepo tili limodzi achemwali. Kufika pamwamba ndi kwina, kugona pamwamba miyezi isanu ndi kwinanso. Amene ali ndi mapanelo asamalisunge ngati chithumwa. Uzani inveta kuti usiku idye batire mpaka 40 kapena 50 peresenti, masana dzuwa lidzaze. Mayunitsi a City Power, kampani ya magetsi ya mzinda uno, apulumuka, ndipo batirelo silitha ndi zimenezo. LFP yabwino imazungulira maulendo masauzande, pomwe ya asidi kapena gel imatha ndi maulendo mazana ochepa ngakhale mukuitsitsa theka lokha. Ma trolley aja, mainveta a mateyala okhala ndi batire mkati, anafa ambiri nthawi ya stage 6 chifukwa batire la asidi limafuna maola 8 kapena kuposa kuti lidzaze bwino, koma magetsi ankazimanso lisanadzaze.

Amene mwaganiza zolizula: litsitseni pakati pa 50 ndi 60 peresenti, zimitsani batirelo ngati lili ndi batani, ndipo chotsani waya kapena tsegulani fyuzi. Kungozimitsa inveta sikokwanira. Inveta zambiri zimayamwabe pang'ono zili zozima, BMS nayo imadya kake. Maselo paokha amataya 2 kapena 3 peresenti pa mwezi. Miyezi itatu iliyonse yezani, likatsika mulibwezere pakati. Batire losiyidwa lopanda kanthu ndi limene limafa osadzukanso.

Kalipentala wa ku Cosmo City:
Funso kwa akuluakulu. Batire la 12.8V likuonetsa 0V pa mita, lafa?

Wamagetsi wamkulu wa ku Rosettenville:
Kawirikawiri silinafe mwanawe, BMS yatseka chitseko chifukwa selo lina linatsika pansi pa 2.5V kapena panachitika shoti. Mita ikuwerenga kunja kwa chitseko. Chotsani chilichonse cholumikiza, dikirani mphindi zingapo, zina zimatseguka zokha. Likakana, pamafunika tchaja ya lithium yotha kudzutsa batire la 0V. Matchaja anzeru a galimoto amakana kuyamba akapanda kuona voltage, ndiye munthu amayesa kuti zatha. Likadzuka, lipatseni ma amp ochepa, 5A kapena 10A, mpaka lidutse 12.8V, kenako mutchaje monga mwa nthawi zonse.

Koma pali malire. Ngati lakhala lopanda kanthu miyezi yambiri ndipo maselo mkati atsika pansi pa 2V, kopa wa mkati mwa selo amayamba kusungunuka. Mukalikakamiza kutchaja, kopayo amaundana malo olakwika n'kupanga shoti mkati momwe simungaone. Batire lotero litha kuoneka ngati lachira, n'kudzatentha lokha sabata ya mawa muli mtulo. Makamaka a madirilo ndi malaputopu, selo limene lagona pansi pa 2V musalidzutse. Ndipo zogunditsa batire la dirilo ku batire la galimoto kuti lidzuke, zimene zikuzungulira pa mavidiyo, chonde zisiyeni. Mulibe choletsa ma amp m'njira imeneyo.

Kalipentala wa ku Cosmo City:
Zikomo madala. Pa madirilo ndithandizeko ndine, poti anzathu ambiri a zomangamanga ali pa gulu lino. Batire la 18V lili ndi maselo asanu ondondozana, ndipo lolembedwa 20V ndi lomwelo, angosintha kawerengedwe. Chimene chimawapha ndi kuwachotsa pa girayinda ali otentha n'kuwaika pa tchaja nthawi yomweyo. Lipumitseni pa mthunzi mphindi 20 kapena 30, lizizire mpaka mutha kuligwira osamva kufunda. Matchaja enieni amakana okha, getsi limangophethira, koma ongofanizira amalandira chilichonse. Chachiwiri ndi kuwasiya m'bokosi lachitsulo kumbuyo kwa bakkie padzuwa tsiku lonse. Chachitatu, dirilo ikayamba kufooka, siyani. Kuumiriza kanayi kasanu kuti sikuluwu yomaliza ilowe kumatsitsa selo lofooka kuposa anzake. Ndipo m'bokosi momwe muli misomali ndi mawashala, batire likhale ndi chivindikiro chake kapena tepi pa mano ake.

Wamafoni wa ku Mayfair:
Moni nonse. Ndilowe ndi mafoni chifukwa ndi batire limene aliyense ali nalo m'thumba.

Choyamba, chiphunzitso chakale choti foni izithima kaye musanaitchaje ndi cha mabatire a nickel a mafoni oyamba aja. Lithium siifuna zimenezo. Imakhalitsa ikamayenda pakati pa 20 ndi 80 peresenti, ndipo kutchaja pang'onopang'ono kangapo patsiku sikuononga. Mafoni ambiri a Samsung ali ndi posankha kuti kutchaja kuime pa 80 kapena 85, iPhone 15 kupita m'tsogolo ilinso napo pa 80. Malaputopu ambiri nawo ali napo, ndipo laputopu imene imakhala pa magetsi tsiku lonse mu ofesi ndiyo ikufunika kwambiri. Apple imanena yokha kuti mabatire a mafoni ake akale anapangidwa kuti asunge 80 peresenti ya mphamvu atazungulira maulendo 500, ndiye foni ya zaka ziwiri kapena zitatu ikamatha msanga, si ufiti, ndi ukalamba.

Chachiwiri ndi kutentha, ndipo apa ndikulankhula ndi abale athu onyamula zakudya pa njinga zamoto. Foni ili pa chiwongolero, dzuwa la Disembala likuiomba, kuwala kwa sikirini kuli pamwamba, mapu akuyenda, data ili yotsegula, ndipo nthambo ili mkati ikutchaja. Moto usanu pa batire limodzi. Opanga mafoni amati kutentha kopitirira madigiri 35 kumaononga batire kosabwerera, koma foni yotero imapitirira pamenepo kutali. Ikani kadenga kotchinga dzuwa, chotsani kavala yokhuthala ya labala, tchajani ndi doko lapang'onopang'ono m'malo mwa fast charge, ndipo podikira oda muichotse padzuwa. Kathumba kapulasitiki kotchinga mvula kaja kamasunga kutentha ngati uvuni, kagwiritseni ntchito mvula ikamagwa pokha.

Chachitatu, si foni iliyonse yokana kutchaja imene yafa batire. Nthawi zina vuto ndi thonje la m'thumba lodzaza pa doko. Walitsani tochi, zimitsani foni, tokosani mofatsa ndi kamtengo kotokosera m'mano. Singano kapena pini ayi. Yesaninso nthambo ina musanalipire batire latsopano.

Mayi wa ku Diepsloot:
Achimwene a mafoni, nanga foni imene sikirini yake yayamba kutukuka m'mbali koma ikugwirabe ntchito bwinobwino?

Wamafoni wa ku Mayfair:
Amayi, imeneyo musaitchajenso usiku uno. Batire latupa. Madzi a mkati mwa selo aola n'kutulutsa mpweya, ndipo kathumba ka selo kafufuma ngati mtanda wa mandasi, n'kumakankha sikirini kapena chivindikiro cha kumbuyo. Zizindikiro zina: foni ikaikidwa pa tebulo imagwedera kapena kuzungulira, laputopu pogwira chala paja pamalimba osadinika, ndipo nthawi zina pamamveka kafungo kotsekemera ngati mankhwala ochotsera penti ya zikhadabo. Musaipanikize kuti ibwerere, musaimange ndi labala, ndipo koposa zonse musaiboole kuti mpweya utuluke. Izimitseni, muiike pa simenti kapena m'poto wachitsulo kutali ndi bedi ndi makatani, mawa ipite kokonza.

Kwa anzanga okonza: batire litsike pansi pa 25 peresenti musanalitole, chifukwa lodzaza likabooka ndi limene limayaka mwaukali. Zotokosera zikhale zapulasitiki, guluu mumufewetse ndi madontho a spiriti wotchedwa isopropyl, osati kupinda batire kapena kuliotcha ndi mfuti ya mpweya wotentha. Batire lopindika pochotsa lisabwererenso mu foni. Pafupi ndi tebulo pakhale ndowa yachitsulo ya mchenga.

Wanjinga wa ku Yeoville:
Nkhani ya mapawabanki ndi maselo a 18650 ikhudzidwenso, chifukwa ndi pomwe abale akubedwa masana. Dzina lakuti 18650 ndi muyezo chabe: mamilimita 18 m'mimba, 65 mulitali. Selo lenileni la kukula kumeneku nthawi zambiri silipitirira cha m'ma 3500mAh. Mukaona lolembedwa 9900mAh, ndi bodza la pa chikutiro. Liikeni pa sikelo ya kukhitchini: lenileni limalemera magalamu 45 kapena kuposerapo pang'ono, abodza ambiri ndi opepuka moonekeratu.

Pawabanki ya 10000mAh imawerengedwa pa 3.7V, ndiye ndi 37Wh. Ikakweza kufika 5V n'kutaya ina ngati kutentha, chofika ku foni ndi cha m'ma 6000 kapena 7000mAh. Foni ya 5000mAh siidzaza kawiri, ndipo pamenepo palibe amene wakuberani. Koma yolembedwa 50000mAh yolemera ngati sopo, imeneyo ndiye wakuberani.

Pa njinga za batire: ya 36V ili ndi maselo 10 ondondozana ndipo tchaja yake ndi 42V, ya 48V nthawi zambiri ndi 13 ndipo tchaja yake ndi 54.6V. Mapulagi ake amatha kufanana. Kulowa kwa pulagi sikutanthauza kuti tchaja ndi yake. Werengani nambala pa tchaja nthawi zonse, makamaka m'nyumba yogona anthu ambiri momwe matchaja amabwerekanabwerekana.

Amene amamanga mabatire kuchokera ku maselo a malaputopu akale: yezani selo lililonse, tayani la pansi pa 2V, tchajani otsalawo, muwasiye masabata awiri. Limene latsika lokha kuposa anzake lili ndi shoti yaing'ono mkati, lichoke. Phatikizani ofanana mphamvu okhaokha, lumikizani ndi spot welder ndi timalamba ta nickel, osati sodala pa selo, ndipo BMS isasowe. Chikutiro chikang'ambika, chivekeninso. Chitini chonse cha selo ndi negative, ndipo chimakwera mpaka m'mphepete mwa mutu, pafupi kwambiri ndi positive. N'chifukwa chake selo lopanda chikutiro m'thumba limodzi ndi makiyi ndi ndalama zachitsulo limaotcha ntchafu.

Wamagetsi wamkulu wa ku Rosettenville:
Bwererani pang'ono ku mabatire a nyumba, chifukwa moto suyambira mu selo mokha, umayambiranso pa waya. Batire la 12.8V 100Ah ndi 1280Wh. TV ya 60W, router ya 10W, mababu anayi a 9W, kuphatikiza zimene inveta imadya yokha, ndi cha m'ma 125W, ndiye maola 9 mufika. Koma ketulo ya 2000W pa 12V imakoka ma amp opitirira 170. BMS zambiri za 100Ah zimalola 100A, zina 50A zokha. Ketulo, ayironi, mbaula ndi hita zisayandikire. Ngakhale inveta ya 1000W yokha imakoka pafupifupi 90A ikamagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse, ndiye waya akhale wa 25mm² kapena kuposa, wamfupi, ndipo fyuzi ikhale pa positive pafupi ndi batire penipeni, osati pafupi ndi inveta. BMS si fyuzi.

Kamodzi pa miyezi ingapo, inveta ikugwira ntchito yolemera, gwirani pa pulasitiki ya waya pafupi ndi mabauti. Pofunda ndi pomasuka. Zimitsani zonse, vulani wotchi ndi mphete, mangani ndi sipanala yokutidwa tepi. Washala asakhale pakati pa lug, kachitsulo ka kumapeto kwa waya, ndi mutu wa batire, akhale pamwamba.

Chilichonse cholumikizidwa ku DB, bokosi logawa magetsi a nyumba, kuno chimafuna wamagetsi wolembetsedwa komanso CoC, pepala lotsimikiza kuti mawaya aikidwa motsatira malamulo. Ambiri tikuchita lendi, ndiye zinthu zikapsa popanda pepala limenelo mlandu utha kugwera wochita lendiyo.

Mayi wasola wa ku Midrand:
Ndipo malo oikapo. Anthu amaganiza za kutentha kokha, koma Joni ali pamtunda wa mamita opitirira 1700, ndipo m'mawa wa Juni ndi Julayi udzu umayera ndi chisanu. Lithium siyenera kutchajidwa pansi pa madigiri 0. Kutulutsa mphamvu pozizira ilibe vuto, koma potchaja, lithium m'malo molowa mu graphite ya mkati mwa selo imakutira pamwamba ngati chitsulo. Mphamvu imeneyo yapita, ndipo timinga timene timamera pamenepo titha kuboola chotchinga cha mkati. Choopsa n'choti sola imayamba kutchaja dzuwa likangotuluka, nthawi imene batire lazizira kwambiri. BMS zabwino zimakana zokha, zotchipa zambiri zilibe choyezera kuzizira. Batire la m'nyumba silifika pamenepo. Lovuta ndi la m'kabokosi kapanja, la pa geti, kapena la m'shedi yamalata. Shedi yomweyo mu Januwale imasanduka ng'anjo, ndipo amisiri amayerekeza kuti madigiri 10 aliwonse oonjezera amafulumizitsa ukalamba pafupifupi kawiri. Khoma lamkati, lamthunzi, lopita mphepo, kutali ndi giza ndi chitofu, madigiri 15 mpaka 25, ndiwo malo ake.

Dzinja lino la mphenzi, matchaja a mafoni ndi malaputopu muzizula mabingu akayamba, komanso magetsi akazima. Pobwera amabwera ndi mkokomo, dikirani mphindi zingapo musanabwezere.

Mayi wa ku Diepsloot:
Zikomo achemwali. Ambiri kuno tili m'chipinda chimodzi, khomo limodzi, mawindo a mabagala. Batire likayaka titani?

Wamagetsi wamkulu wa ku Rosettenville:
Funso lofunika kuposa onse amayi. Yambani ndi pomwe mumatchajira. Batire la njinga kapena trolley lisakhale pakhomo kapena m'njira yotulukira, chifukwa likayaka latseka njira yanu yokhayo. Musatchaje pa bedi, pansi pa pilo kapena pa sofa. Pa simenti kapena pa thayilo. Lalikulu musalisiye likutchaja nonse muli mtulo. Kabelu kolira ndi utsi ndi kotchipa poyerekeza ndi chimene kamateteza.

Selo likayamba kuthawa ndi kutentha limachenjeza: kulira kwa tsss kapena kuthetheka, fungo lakuthwa, utsi woyera wokhuthala. Utsi umenewo ndi poizoni ndipo umayaka. Ana atuluke kaye. Ngati ndi foni kapena pawabanki, zulani pulagi ku khoma ngati mungafikepo bwino, kenako madzi ambiri. Ena amaopa madzi poganiza za lithium yachitsulo, koma m'mabatire otchajidwawa madzi ndi amene amaziziritsa maselo oyandikana kuti asalandirane moto. Chozimitsira cha ufa chimagwetsa lawi koma sichiziziritsa. Likazima, litulutseni ndi fosholo, likhale panja pa dothi tsiku lathunthu kapena kuposa, chifukwa limatha kuyakanso patapita maola.

Ngati ndi lalikulu, la njinga kapena la inveta yolumikizidwa ku magetsi a nyumba, musalimbane nalo ndipo musathire madzi pa mawaya amoyo. Tulukani, tsekani chitseko, dzutsani oyandikana nawo, imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177, ndipo muwauze kuti ndi batire la lithium. LFP siyaka msanga ngati ya mafoni ndi njinga, koma utsi wake ndi woopsabe.

Lakufa lisalowe m'bini ya Pikitup, kampani yotola zinyalala kuno ku Joni. Galimoto ya zinyalala imapanikiza, selo limaphwanyika, moto umayambira m'menemo. Matani tepi pa mitu yake, mupite nalo ku mabokosi olandira mabatire akale amene ali m'masitolo ena akuluakulu kapena kwa okonzanso zinyalala za magetsi.

Wamtengatenga wa ku Park Station:
Tsono zotumiza kumudzi. Pa ndege iwalani: m'chikwama cha m'manja amalola mpaka 100Wh, pakati pa 100 ndi 160Wh mpaka kampani ya ndege ivomere, ndipo mapawabanki saloledwa m'chikwama cha pansi. Ya 20000mAh ndi 74Wh, imadutsa. La 1280Wh ndi la pamsewu basi.

Pamsewu ndi masiku awiri kapena kuposa, kudzera Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, ndipo amene anadutsa pa Tete mu Okutobala akudziwa mmene ngolo imatenthera. Batire linyamuke lili pakati pa 30 ndi 50 peresenti, lozimitsa, mitu yake yomata tepi, mabauti ali m'kathumba kawo. Bokosi lake lenileni ndi thovu lake ndiye labwino. Ngati linatayidwa, makatoni awiri ndi zofunda m'mbali kuti lisagwedere. Lembani pa bokosi kuti ndi batire ndi mbali yoyang'ana kumwamba, ndipo muuzeni wonyamula poyera. Mukabisa m'kati mwa zovala, lidzapezeka pansi pa firiji ndi matumba a simenti. Lotupa, long'aluka kapena limene linagwapo kwambiri lisakwere n'komwe. Risiti ikhale pafupi chifukwa pa chipata cha Mwanza kapena Dedza adzaifunsa.

Wamainveta wa ku Randburg:
Likafika ndi pomwe mabatire ambiri amafera. Kumudzi kuli kale kontirola ya batire la asidi, ndipo achibale amangochotsa lakale n'kuika latsopano. Kontirola yoteroyo nthawi zina imakwera kupitirira 15V pochita equalize, BMS imadula, ndipo kontirola imatsala ndi mapanelo popanda batire, zomwe zitha kuiotcha pamodzi ndi mababu. Tumizani batire limodzi ndi kontirola yokhala ndi posankha lithium, muiiketu manambala kuno: 14.2V mpaka 14.4V, float 13.5V, equalize yozima, kusintha voltage motsatira kutentha kozima, ndipo kudula magetsi opita ku zipangizo cha m'ma 12.0V. Ma amp otchajira a batire la 100Ah akhale 20A mpaka 50A. Lisalumikizidwe pamodzi ndi lakale la asidi ngakhale lakalelo likuoneka lamoyo. Ofuna 24V ndi mabatire awiri a 12.8V ayambe aona ngati wopanga amalola kuwandondozanitsa, ndipo lililonse lidzaze palokha asanawalumikize.

Mayi wasola wa ku Midrand:
Lembaninso pa pepala m'Chichewa kapena m'Chiyao kapena m'Chitumbuka, limatidwe pa khoma pambali pa kontirola: polumikiza, batire liyambe, mapanelo pambuyo, pochotsa, mapanelo ayambe, batire pambuyo. Ku Mangochi, Salima, Karonga, Chikwawa ndi Nsanje vuto si chisanu koma kutentha kwa Okutobala ndi Novembala pansi pa malata opanda siling'i. Batire likhale pansi, pa thabwa lokwera pang'ono kuopa madzi okolopera, m'chipinda chozizira kuposa zonse, osati pa shelefu pafupi ndi denga, ndipo asalifunditse nsalu poopa fumbi kapena maso a anthu.

Kalipentala wa ku Cosmo City:
Nanga aja amakodola mawaya pa mitu ya batire kuti atchaje mafoni a oyandikana nawo?

Mayi wasola wa ku Midrand:
Adzakodola ndithu ngati simunawapatse pena, achimwene. Waya wopyapyala wopanda fyuzi akagunda, lithium imatulutsa ma amp ambiri moti wayayo amafiira BMS isanamve kuti pali vuto. Ikani m'katoni momwemo kabokosi ka mafyuzi anayi kapena asanu ndi madoko a USB a 12V, kolumikiza ku mbali ya load ya kontirola, fyuzi ya 5A pa mababu ndi ina ya 5A pa madoko, ndi mafyuzi khumi apadera m'kathumba kuti ikapsa asamangepo waya wa kopa. Mitu ya batire muiphimbe ndi zivindikiro zake za labala musanatseke katoni.